Pakati pa Nangumi ndi Mwana Wake

Mwana wa nangumi anatumphuka kumbuyo kwa boti lathu, pafupi penipeni ndi injini. Mayi wake anali kutsogolo, akutiyandikira, msana wake wautali kuposa botilo.

Alendo amene tinawatenga pachilumba anasiya kujambula.

"Alamu, lizani injini tithawe!" ndinakuwa.

"Ndikaliza ndimucheka mwanayu," anayankha alamu angawo, dzanja lili pachingwe cholizira. "Ndiye mayi wakeyo atisiya amoyo?"

Mlendo wina, mayi woyembekezera, anandigwira mkono mpaka zikhadabo kundilowa. Boti linapendekeka, madzi n'kutifika m'akakolo. Chimthunzi chakuda chinalowa pansi pathu, chikukhula matabwa pang'onopang'ono.

Alamu anasiya chingwe chija n'kupinda manja.

"Aliyense akhale pansi, asagwedezeke," ananong'ona. "Mchira sunadutse."