Chisa cha Namzeze m'Dziko la Atchete

Ndagi! Nyumba yanga ndinamanga ndi pakamwa, luso ndi lakwathu, udzu ndi wa eni ake. Yakukanikani? Ndiye tcherani khutu.

Padangokhala Namzeze, amene chilala chidamuthamangitsa kwawo mpaka kukatera m'dziko la Atchete, mbalame zoluka zisa ndi udzu. Adafika ali pafupi kuikira mazira, mitambo nayo itayamba kuda.

"Mayi inu, kuno timaluka," adatero Tchete wamkulu. "Mvula ikakupezani mulibe chisa, mubwerere komwe mwachokera."

Namzeze adayesa kuluka, udzu n'kumukola miyendo. Adayesa kumata ngati kwawo, koma dothi la kumeneko linali lamchenga, likauma limangoyoyoka.

"Anzanga, taonani mlendo wodya matope!" adakuwa Tchete wamkulu, onse n'kufa nalo phwete.

Tsono Atchete ali ndi mwambo wawo: mkazi akachikana chisa, mwamuna amachiphwasula. Choncho pansi pa mtengo panali udzu wotayidwa mbwee. Namzeze adautola, n'kuuponda pamodzi ndi dothi lija, n'kumata kunsi kwa thanthwe. Chisa chidagwira kuti gwa!

Mvula idabwera ndi mkuntho, zisa zolendewera n'kuthothoka. Tchete wamkulu adaima pakhomo pa Namzeze akunjenjemera.

"Odi, mayi. Kodi matope aja mumaponda bwanji?"

"Lowani, bambo," adayankha Namzeze. "Udzuwu ndi wanu womwe."

Mazira ataswa, kamwana kamodzi kadajompha khoma, n'kuona dothi ndi udzu zitagwirana.

"Amayi, ndiye ifeyo kwathu n'kuti?"