Golide wa Ba Chishimba

Ba Chishimba, tcheyamani wa chipani ku Matero, anaika mwala wonyezimira patebulo n'kuyang'ana Maud ngati amutenga kale.

"Ni golide wa ku migodi," anauza bambo ake a mtsikanayo. "Mwana wanu asiye va sukulu. Mukazi wanga wachitatu sangazivutika na mabotolo ya asidi."

Maud anali m'chaka chachiwiri cha kemisitiri ku yunivesite, ndipo miyala yotere ankaipera mu labu mpaka kutopa nayo. Anayang'ana zala zonenepa za mkuluyo ndi baji ya chipani pajekete lonunkha thukuta. Munthu wozolowera kulanda amayi a tomato malo pamsika, lero wabwera kudzamugula iye ndi chitsulo chosakanikirana ndi salufa.

Anatembenuza sosala, kambale koikapo kapu ya tiyi, n'kukhwekhwereza mwalawo kunsi kwake. Panatsala mzere wakuda bii.

"Golide amasiya mzere wachikasu, ba tate. Uyu mukauocha uzangonunkha monga machisa."

Ba Chishimba anaseka osatsegula pakamwa. "Ndiye vamene boma yathu ibaphunzisa ivi? Kunyoza bakulu?"

Bambo ake a Maud anatenga sosala ija. Anayang'anitsitsa mzerewo, kenako baji ya mlendoyo. Ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kufufuta.

"Mbale inali na doti, ba tcheyamani," anatero akumwetulira.

Maud anaona kuti bambo ake akuopa mkuluyo, koma sanawamvere chisoni. Anawayang'ana mmaso osaphethira, mpaka bambo ake anaweramitsa mutu.