Tiphwetekere ta kwa Clotilda

Magdalene anaima chilili pageti pa Clotilda, mnzake wa ku Zambia. M'mbali mwa khoma lowombedwa ndi dzuwa, pamchenga ndi timiyala, tiphwetekere ta kutchire tinali titapsa psuu.

M'dera lonse la Mulhuddart, kuno kutsidya kwa nyanja, njere zimenezi anali nazo ndi Magdalene yekha, zochokera kwawo ku Ntcheu. Take tinaolera m'dothi logula, mvula ikuthira, iyenso akuthirira.

"Njere munazitenga kuti, asisi?"

"Ananipatsa ni amuna anu, a Fredson," anatero Clotilda akumwetulira. "Ananiuza ati tufuna mchenga na dzuwa, osati madzi ambiri."

Magdalene anathyola kamodzi, nakafinya mpaka kanaphulikira m'dzanja. Chilimwe chonse Fredson ankamuona akuthirira m'mawa ndi madzulo, koma iyeyo sanamuuzepo kanthu.