Mayi Nives Akudziwa Njira

"Agogo, m'nyumba yaikulu ya zithunzi ija, chithunzi chimene mumachikonda ndi chiti?" Mdzukulu wa Bambo Ottavio adafunsa choncho pa Khirisimasi. Iwo adayankha kuti zonse amazidziwa pamtima, ndipo adzamuonetsa akadzabwera pa Isitala.

Linali bodza. Adabadwira mumzinda wa Firenze momwemo, koma nyumbayo ankangoidutsa popita kokagula buledi.

N'chifukwa chake Lachiwiri lina m'mawa adapezeka pamzere wa alendo, kumbuyo kwa neba wawo, Mayi Nives. Msewu wonse unkadziwa kuti mayiwo adagwira ntchito m'nyumbayo zaka makumi atatu.

"Chikhoti chanucho musiye pansi pano, aneba," adatero Mayi Nives. "Kumwambako kumatentha. Aliyense amatsika ali thukuta kamukamu."

Adakwera masitepe, mayiwo patsogolo. Ankalankhula osapuma. Chipinda chakuti chimamaliza mawondo. Chakuti, anthu ochokera kutali amalira misozi. Chakuti, osataya nthawi, muli nkhope za anthu olemera zokhazokha. Bambo Ottavio ankalemba zonse m'kabuku, lilime lili panja ngati mwana wasukulu.

Kawiri konse adasochera.

"Asuntha zinthu," adadandaula Mayi Nives. "Ana a masiku ano!"

"Mwina ndi mutu wanu umene wasuntha, mayi."

"Lembani, inu! Munthu wa imvi kunamiza kamwana, manyazi mulibe?"

Mayiwo adalonjeza kuti pamapeto awaonetsa chithunzi choposa zonse, cha mayi wofukata mwana. "N'chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi," adatero. Atachipeza, chinali chaching'ono, choti munthu n'kuchipanira kukhwapa.

Mayi Nives adangoti chilili. Anthu ankawagunda mapewa, iwo osasuntha, misozi ili mbwembwembwe. Bambo Ottavio adavula chipewa. Mumtima adati: zaka makumi atatu kuona chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku, n'kumalirabe! Kudziwa zinthu n'kumeneku.

"Mwachisowa, eti?" adafunsa motsitsa mawu.

"Kuchisowa bwanji? Ndachiona koyamba lero." Mayiwo adamina. "Ine ntchito yanga inali pansi paja, posunga zikhoti ndi maambulera. Zonse mwalembazo ndinkamva kwa alendo akamatenga zikhoti zawo."

Bambo Ottavio adayang'ana kabuku kawo, kenaka neba wawo.

"Mdzukulu wanga asamve," adatero.

"Msewu wathu usamvenso. Mukasunga pakamwa, Lachiwiri lililonse mpaka Isitala tizibwera, tiloweze njira."

"Ndalonjeza, mayi. Koma ulendo wotsatira mapu tigule."