Makina Obwereka Tsiku Limodzi

Panali munthu wina, mmisiri wowotcherera zitsulo, wa manja abwino koma wosatha kukana mnzake. Nkhaniyi ndinaimva kwa amene amapangitsa mageti kwa iye, ndipo akulumbira kuti ndi yoona.

Tsiku lina mlamu wake anafika pa shedi. Mlamuyu anali atatsegula kasukulu ka ntchito zamanja, koma mkati munali mabenchi ndi bolodi basi. Chachikulu chinali chikwangwani cha panja. Bungwe la boma limene limayendera masukulu otere ndi kulipirira ophunzira linali kubwera Lachinayi. Likakhutira, sukulu imalowa m'kaundula ndipo boma limayamba kutumizako ana.

"Alamu, mundibwereke makina anu tsiku limodzi lokha," anatero. "Muvalenso ovolosi yanu, muime ngati mphunzitsi. Zikangoyenda ndigula anga."

Mkazi wa mmisiriyo anali kuchapa pafupi ndipo anamva zonse. Mlendo atapita anati, "Bambo ake, amenewa ndi achimwene anga, ndimawadziwa kuposa inu. Njinga yathu ija anabwereka, munaionanso? Musapiteko."

"Iwe, ndi tsiku limodzi chabe. Afa ndani?"

Lachitatu anakweza makina awiri pa lole. Atafika anapeza sali yekha: wina anabweretsa makina osokera, wina mawaya ndi zida zamagetsi. Zonse zobwereka. Anaseka nawo limodzi, ngati anthu okonza ukwati.

Lachinayi kunabwera mayi woyendera ndi fayilo yake. Anawerenga makina, analemba manambala ake, kenako anapempha mmisiri uja awotcherere chitsulo. Anawotcherera mwaluso mpaka mayiyo anamwetulira.

"Ndinu mphunzitsi wa pano?"

"Eya, mayi."

"Sainani apa."

Anasaina, nambala ya chiphaso chake n'kulembanso pansi. Dzuwa lisanalowe makina anali atabwerera pa shedi. "Waona?" anauza mkazi wake. "Palibe wafa."

Patapita chaka, mwana wawo woyamba, mtsikana wa mutu wakuthwa, anamaliza sekondale n'kupempha thandizo ku bungwe lija kuti aphunzire zamagetsi. Anasankhidwa. Pakhomo panali nthungululu, mpaka pamene anawerenga kalata yonse. Bungwelo limasankhira lokha sukulu, ndipo linamutumiza ku yapafupi ndi kwawo: kwa amalume ake.

Mmisiri anathamangira kwa mlamu wake. "Zida zija munagula?"

"Zili m'njira, alamu. Musade nkhawa."

Zida zimenezo zikadali m'njira mpaka lero. Miyezi inadutsa mtsikana akujambula mawaya m'kope. Babu la magetsi analidziwa pa bolodi, lojambulidwa ndi choko.

Mtima utamuwawa, bamboyo anapita ku ofesi ya bungwe. Anadikira pa benchi mpaka masana, ndipo amene anamulandira anali mayi yemwe uja.

"Mayi, mwana wanga mumusamutse. Sukulu ija ilibe zida."

Mayiyo anatsegula fayilo. "Malipoti athu akuti zida zilipo. Mphunzitsi anatsimikiza." Anayang'ana pepala, anayang'ana nkhope. "Kodi si inu?"

Bamboyo anavomera ndi mutu.

"Ndikuuzeni zoona, bambo. Sitisamutsa mwana pa sukulu yovomerezeka. Mukalemba kuti munanama, nkhani ipita kupolisi, sukulu itsekedwa, ana onse makumi anayi abwerera kwawo. Ndipo thandizoli munthu amalandira kamodzi kokha. Ndikupatseni pepala mulembe?"

Bamboyo sanalandire pepalalo. Kenako anathokoza n'kutuluka. Zamagetsi sankazidziwa kuti amuphunzitse yekha mwanayo, ndipo sukulu ina sakanaikwanitsa. Kunena zoona, ine pamenepa ndinamumvera chisoni, ngakhale anazichita dala.

Zaka ziwiri zitatha anabwera mayeso a manja. Anamupatsa mtsikanayo waya, pulayala ndi switchi. Anaima ola lathunthu osadziwa poyambira. Analephera, iye ndi anzake onse.

Madzulo anakhala pa chitini mu shedi ya bambo ake, misozi ili mbwee.

"Ababa, akuti pali mphunzitsi amene anasainira kuti sukulu ija ili ndi zida. Ndikanamudziwa, sindikanamutukwana ayi. Ndikanangomufunsa ngati ali ndi mwana."

Mayi ake anapitiriza kuchapa, osatembenuka. Bamboyo anatsitsa chigoba chake chowotchererera kumaso, koma makina sanawayatse.

Phunziro: Abale, oyendera akabwera musathandize munthu kuwaphimba m'maso, ngakhale akhale mlamu wanu. Bodza la tsiku limodzi limadya zaka za ana a anthu, ndipo simudziwa amene adzakhale pa benchi imeneyo. Musanasaine, funsani ngati mungatumizeko mwana wanu. Tumizirani amisiri, aphunzitsi ndi makolo onse amene muli nawo mu foni.