Msuweni wa ku Minnesota

"Msuweni wanga!" Arlene Lindset anamukumbatira Torleif asanavule n'komwe nsapato za kukhola. Mayiyu anachokera ku Minnesota atapeza dzina la agogo ake, Halvor Lindset, pa mndandanda wa amene anakwera sitima kuchoka ku Norway kuno. Lindset ndi dzina la famu ya Torleif.

"Mayi, kalelo aliyense wokhala pafamu ankatenga dzina la famuyo, ngakhale wantchito," anatero Torleif. "Halvor ankaweta ng'ombe. Anathawa ndi mkazi woyamba wa agogo anga."

Arlene anayamba kufunafuna chikwama chake.

"Khalani pansi, khofi ali pamoto. Agogo mpaka kumwalira ankati wantchito amene anawathandizapo ndi Halvor yekha."