Kampani Yoyankha Msanga

Dola inagwa Wanderlei ali mkati modzitama, kapu ya khofi ili m'manja.

Munthu ameneyu, abale inu, chimuchotsereni ntchito ku fakitale ya magalimoto ku São Bernardo, anadzidzoza yekha ukatswiri wa pamsika wa ndalama. Kugula m'mawa, kugulitsa masana, makompyuta awiri patebulo lodyera, iye ali chabe ndi kabudula ndi patapata. Galimoto inapita. Njinga yamoto inatsatira. Koma wolakwa sanali iye, ayi ndithu! Olakwa anali makampani a pa intaneti amene ankadzerako pogula: iyi ukadina imayamba yaodzera mtengo n'kuthawa, iyo ukaimba foni umayankhidwa ndi nyimbo.

Zomwe zinatsala ndi ndalama zomwe anamupatsa pomuchotsa ntchito, zoti amalizire kulipira nyumba. Zikapita zimenezo, n'kumsewu basi.

Nanga mkazi wake Jussara analetsa? Aa, uja wa eya-eya uja? Ndiye anachita kumubweretsera dzina la kampani yatsopano, akuti analimva kwa mnzake kutchalitchi. Pofika mawa lake Wanderlei anali akuuza anthu kuti waitulukira yekha. Zolembetsa ndi zotumiza ndalama anamusiyira mkaziyo, poti katswiri sataya nthawi ndi zolembalemba.

Kampaniyo inamukomera zedi. Akadina, zagulidwa pompo, pamtengo womwe wauona. Akaimba foni, isanalire kawiri wayankha Patrícia, mtsikana waulemu wa m'nsanja zamagalasi za ku Faria Lima, dera la mabanki akuluakulu.

"Wamva kuyankhula kwa anthu ophunzira?" ankatero kwa mkazi wake. "Osati mkulu wako Neide, pakamwa ngati pamsika."

Neide anali ndi kasaluni pansi pa nyumba yomweyo. Wanderlei ankamudutsa pamakwerero ngati mtsuko wa maluwa, ngakhale moni.

Tsiku limenelo katswiri wathu anaika zonse nthawi imodzi, akuti dola ikwera, wayiwerenga bwinobwino. Manambala anafiira, kusonyeza kuluza. Anadikira. Anafiirabe. Anatukwana boma, anatukwana Amereka, anatukwana mphaka wa oyandikana nawo. Nyemba zisanapse pamoto, pakompyuta panali mbee, ndalama zonse zapita.

Anaimba foni.

"Mayi Patrícia, chonde, bwezani kumbuyo. Makina anu achedwa."

"Pepani bambo Wanderlei, makina sanachedwe. Mwagula nokha, pamtengo womwe munafuna."

"Ndi ndalama za nyumba, mayi!"

"Tikudziwa, bambo. Pepani kwambiri."

Nthawi yomweyo mumsewu munadutsa galimoto ya mazira, chimkuzamawu chili pamwamba: mazira, mazira, thireyi yonse motchipa! Phokosolo linalowera pawindo, linamvekanso m'foni kuchokera kwa Patrícia. Munthu wa mutu wake akanatukula nsidze. Wanderlei anangodula foni, n'kunena kuti, "Mpaka ku Faria Lima akugulitsa mazira. Dziko lasauka ili."

Kenako anagwetsa mutu patebulo n'kulira ngati mwana wolandidwa mpira, mamina mbwee. Kunena zoona, sindinamve naye chisoni ngakhale pang'ono.

"Jussara, zatha zonse. Nyumba yapita."

"Eya, bambo," anatero Jussara, akupukuta khofi amene anatayika. Ngakhale kukuwa, ngakhale kuponya mbale, ayi. Anadula keke ya chimanga, naika m'mbale, natsika makwerero mwakachetechete monga mwa masiku onse.

Musaluni anapeza Neide akubweza foni yakale m'kabati ya mankhwala a tsitsi.

"Koma mwamuna wako ndi mbuzi," anatero Neide, ulemu wake wa pafoni ngati Patrícia utathera pomwepo. "Miyezi yonseyi kusewera pa pulogalamu yophunzirira, ndalama zamasewera, osazindikira? Nanga ndalama zenizeni zija unatani nazo?"

"Ndinalipira nyumba tsiku lomwe anandipatsa kuti nditumize lija, achemwali."

"Ndiye tikamuuze?"

Jussara anakhala pampando wometera, naluma keke.

"Alire kaye mpaka Lamlungu."